Magazi aundana m'mwendo kachiwiri, nanga adokotala aimitsiranji warfarin?

Mayi wina wa ku Bembeke walemba motere: "Amuna anga ali ndi zaka 31, amalima mbatatesi ndipo nthawi zina amayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Kuyambira tisanakwatirane amatuluka zilonda m'kamwa, zikapola pakangopita mwezi zabweranso. Kenako zinayamba kutulukanso kumaliseche. Tinabayidwa majakisoni a matenda opatsirana pogonana tonse awiri kangapo, koma magazi akayezedwa za HIV ndi chindoko sapezeka ndi kanthu. Chaka chatha mwendo wamanzere unatupa, atauunika anati magazi aundana mumtsempha, n'kuwapatsa warfarin wa miyezi 6. Asanamalize n'komwe, wamanja watupanso. Pano adokotala ena akuti ndi matenda a Behçet. Awapatsa prednisolone ndi azathioprine, koma warfarin awaimitsa mpaka ajambulidwe pachifuwa, chifukwa masabata awiri apitawo anakhosomola makhololo a timagazi. Ine sindikumvetsa. Vuto ndi magazi oundana, ndiye mankhwala osungunula magazi achotserenji? Apongozi anga akuti mwana wawo anaponda mankhwala kudimba, akufuna akatemedwe mphini. Kodi matendawa andipatsira? Kodi achira?"

Mayi, pepani ndi matendawa. Kalata yanu ili ndi pafupifupi zonse zimene dokotala amafuna kumva, ndiye ndiyamba n'kukukhazikani mtima pansi pa zinthu ziwiri. Adokotala amene aimitsa warfarin sanaiwale kuti m'mwendo muli magazi oundana. Achita zomwe aliyense wodziwa matendawa amachita akamva kuti wodwala walavula magazi. Chinanso, matenda a Behçet sapatsirana, kaya pogonana, kaya podyera mbale imodzi. Zilonda za kumalisechezo si umboni woti bambo anazembera kwina. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa mabanja amagwedezeka ndi zilonda zotere dzina la matenda lisanadziwike, ndipo ena amatha ndithu popanda wolakwa.

Matendawa anatenga dzina la Hulusi Behçet, dokotala wa khungu wa ku Turkey, yemwe mu 1937 analongosola odwala okhala ndi zinthu zitatu pamodzi: zilonda za m'kamwa, zilonda za kumaliseche, ndi kutupa kwa m'kati mwa diso. Amapezeka kwambiri ku Turkey, Iran, mpaka ku China, Korea ndi Japan. Kuno kwathu ndi osowa, moti wachipatala atha kugwira ntchito zaka zambiri osakumana nawo. N'chifukwa chake poyamba aliyense amaganizira chindoko, HIV kapena TB, ndipo kuganiza choncho si kulakwa, poti ndiwo matenda amene tili nawo ambiri. Pamene pamafunika kuima n'kuganizanso ndi pomwe majakisoni abayidwa, magazi ayezedwa, koma zilonda zikubwerabe.

Palibe kuyeza magazi kumodzi kotsimikiza Behçet. Dokotala amaphatikiza zimene akuona ndi zimene wamva: zilonda za m'kamwa zobwera katatu kapena kuposa pa miyezi 12, zilonda za kumaliseche zomwe mwa abambo zimakonda pathumba la machende ndipo zikapola zimasiya zipsera, vuto la maso, ziphuphu kapena zotupa zofiira zowawa kutsogolo kwa miyendo, ndi mavuto a mitsempha. Nthawi zina amabaya khungu la pamkono ndi singano yoyera n'kudikira maola 24 mpaka 48. Pobayapo pakatuluka kachiphuphu kapena kamafinya, chimenecho ndi chizindikiro china. Muchisunge m'mutu, tidzachifuna tikafika pa nkhani ya mphini.

Tsopano funso lanu lenileni. Munthu wamba magazi akamuundana mumtsempha wa mwendo, kawirikawiri chimakhala chifukwa choti magaziwo akuyenda mwaulesi kapena akufulumira kugwirana: mayi wangochira kumene, munthu wagona masabata atachitidwa opaleshoni, wathyoka mwendo, ali ndi khansa, kapena HIV ndi TB zamufooketsa. Mtsempha weniweniwo umakhala wabwinobwino, vuto lili m'magazi, ndiye mankhwala oletsa magazi kuundana monga heparin kapena warfarin amathandiza. Mu Behçet vuto limayambira pa mtsempha. Chitetezo cha m'thupi, m'malo molimbana ndi tizilombo, chimatembenukira khoma la mtsempha. Khomalo limatupa, limakhuthala, m'kati mwake mumakhakhala, ndipo magazi odutsa amamatirira pamenepo. Zili ngati nkhoko pansi pa poto: chaibweretsa ndi moto, ndipo ngakhale muthiremo madzi kuti phala lipyapyale, mukapanda kuchepetsa nkhuni nkhokoyo ingokhuthalirabe. Warfarin ndiye madziwo. Prednisolone ndi azathioprine ndiwo akuchepetsa moto.

Ndiye musadabwe kuti mwendo wachiwiri unatupa bambo akumwa warfarin mokhulupirika. Malangizo a bungwe la madokotala a nyamakazi a ku Ulaya lotchedwa EULAR, omwe anatuluka mu 2018, amati magazi akaundana mumtsempha chifukwa cha Behçet, chithandizo choyamba ndi mankhwala ochepetsa kutupa ndi ofatsitsa chitetezo cha m'thupi, monga prednisolone pamodzi ndi azathioprine, cyclophosphamide kapena ciclosporin. Oletsa magazi kuundana angawonjezedwe pokhapokha ngati chiopsezo chotaya magazi n'chochepa ndipo zatsimikizika kuti m'mapapo mulibe mtsempha wofufuma. Akatswiri eni ake amasiyana maganizo pa warfarin: ambiri a ku Turkey sakonda kumuwonjezera, pomwe a ku France amawonjezera kawirikawiri. Koma pa mfundo yoti warfarin payekha saletsa matendawa kubwereranso, onse amavomerezana.

Kumatirira kwa magaziku kuli ndi ubwino wake umodzi. Popeza ntchintchi ya magaziyo yagwira khoma mwamphamvu, sizichitikachitika kuti inyotsoke n'kuthamangira m'mapapo monga zimachitikira kwa odwala ena. Kuipa kwake n'koti mtsempha umawonongeka kwambiri, sutsegukanso bwino, vuto limakonda kubwerera, ndipo limagwira miyendo yonse iwiri.

Pa nkhani ya timagazi ta m'makhololo ndikhalitsapo, chifukwa apa ndi pomwe pali moyo wa amuna anu. Kutupa komwe kwagwira mitsempha ya m'miyendo kuthanso kugwira mitsempha ikuluikulu yotenga magazi kuchoka kumtima kupita m'mapapo. Kumeneko khoma limafooka n'kufufuma pamalo amodzi, kupanga kathumba kodzaza magazi komwe madokotala amati aneurysm. Kathumbako kamakhala pafupi ndi njira za mpweya, ndipo kakayamba kuchucha munthu amalavula magazi. Poyamba amatha kukhala timizere chabe m'makhololo, n'kusiya, munthu n'kumati zatha. Kenako tsiku lina kathumbako kamabooka, magazi n'kubwera odzaza kapu kapena beseni. Si odwala Behçet ambiri amene amafika pamenepa. Koma mwa amene amafikapo, ochuluka ndi amuna achinyamata omwe magazi anawaundanapo kale m'miyendo, ndendende ngati bambo a kunyumba kwanu. Munthu wotere akakhala pa warfarin kathumbako n'kubooka, magazi sasiya.

Pali msampha womwe wachipatala wabwino ndithu atha kugweramo. Akaona mwendo wotupa ndi munthu wolavula magazi, zimene anaphunzira zimamuuza kuti ntchintchi yathawira m'mapapo, choncho awonjezere mankhwala oletsa kuundana. Kwa wodwala wamba n'zoona. Kwa wa Behçet kutero kutha kupha. Chimene chimasiyanitsa ziwirizi ndi chithunzi cha CT cha pachifuwa, chojambulidwa atabaya mankhwala oonetsa mitsempha. X-ray wamba amatha kuonetsa kathumba kakakulu ngati chithunzithunzi chobulungira pafupi ndi mtima, koma tating'ono amatiphonya. CT imapezeka ku zipatala zazikulu, ndipo kwa inu a ku Dedza njira yake ndi kalata yochokera ku chipatala cha boma yopita ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera pa boma. Asanajambule amayamba ayeza impso, chifukwa mankhwala obayawo amatuluka kudzera mu impso. Masabata awiri apita kale. Ngati tsiku lojambula silinaikidwe, bwererani sabata ino, ndipo mukanene mawu awa momveka: ali ndi Behçet, magazi anaundana m'miyendo yonse iwiri, ndipo walavula magazi.

Akalavulanso magazi podikirapa, ngakhale odzaza supuni yaing'ono, musadikire kuti kuche. Asayendetse yekha njinga. Ngati magazi ndi ambiri, agone chammbali kuti asatsamwe, osati chagada. Musawapatse aspirin, Brufen kapena Indocid. Ndipo warfarin wotsala m'nyumbamo mumuchotse pafupi, chifukwa pamakhala chiyeso choti mwendo ukawawa munthu amweko kamodzi.

TB iyezedwebe, ndipo osati mwamwambo chabe. Kuno munthu wolavula magazi, TB ndiye woyamba kuganiziridwa, ndipo Behçet wa m'mapapo amathanso kubweretsa kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuonda. Makhololo apite ku makina a GeneXpert. Pali zifukwa zinanso. Prednisolone ndi azathioprine amatha kudzutsa TB yomwe inagona m'thupi. Ndipo rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a TB, amachepetsa mphamvu ya warfarin, ya rivaroxaban (mankhwala ena oletsa magazi kuundana) ndi ya prednisolone yemwe, moti ngati matenda onse awiri apezeka milingo iyenera kusinthidwa. Chimene sindingakonde n'choti makhololo akapezeka opanda TB, bambo angoikidwa pa mankhwala a TB moyesa kwa miyezi iwiri CT ikudikira. Ayezedwenso hepatitis B, shuga, kuthamanga kwa magazi, ndipo HIV ibwerezedwe ngati papita nthawi.

CT ikaonetsa kathumba kofufuma, bambo agonekedwa. Chithandizo chake chimayamba ndi methylprednisolone wa mu dilipi, nthawi zambiri galamu 1 patsiku kwa masiku 3, kenako cyclophosphamide wa mu dilipi kamodzi pamwezi kwa miyezi pafupifupi 6, n'kubwerera ku azathioprine pambuyo pake. Komwe amapezeka, infliximab amagwiranso ntchito bwino, koma ndi wodula kwambiri. Chokondweretsa n'choti timathumba tambiri timaphwa kapena kuzimiririka ndi mankhwala okha. Opaleshoni yotsegula pachifuwa amaipewa pokhapokha moyo uli pachiswe. Cyclophosphamide ali ndi zovuta zake: amatsitsa asilikali a m'magazi, amapweteka chikhodzodzo ngati munthu samwa madzi ambiri tsiku la dilipi, ndipo amatha kuchepetsa mphamvu yobereka, nthawi zina mpaka kalekale. Ngati mukufunabe ana, nkhani imeneyi muikambe ndi adokotala dilipi yoyamba isanalowe, ndipo musatenge pakati nthawi yomwe bambo akulandira mankhwalawa ndi miyezi ingapo pambuyo pake.

CT ikatuluka yoyera, adokotala atha kubwezeretsa warfarin kwa miyezi ingapo pamwamba pa mankhwala enawo, kapena kumusiyiratu. Zonse ziwiri n'zovomerezeka. Akamubwezeretsa, pamafunika kuyeza magazi kotchedwa INR, koona mmene warfarin akugwirira ntchito, komwe zotsatira zake ziyenera kukhala pakati pa 2 ndi 3, pafupipafupi poyamba kenako kamodzi pamwezi zikakhazikika. Maganizo anga ndi oti banja lomwe silingakwanitse maulendo oyezetsa INR linene poyera, chifukwa warfarin wosayezedwa ndi woopsa kuposa kusamwa. Masamba obiriwira monga nkhwani, chisoso, bonongwe, mpiru ndi repu ali ndi vitamini K yemwe amachepetsa mphamvu ya warfarin. Sindikuti asiye ndiwo zamasamba, ayi, koma azidya mofanana sabata ndi sabata, osati lero mbale yodzaza kenako masiku khumi osalawa. Bactrim, Flagyl ndi fluconazole amachita zosiyana, amakweza mphamvu ya warfarin mpaka munthu kutuluka magazi m'kamwa, m'mphuno kapena mumkodzo, kapena kuchita chimbudzi chakuda bii. Kachasu ndi mowa wambiri zimasokonezanso. Pa ululu, Panado ndiye wotetezeka.

Za mankhwala awiri omwe akumwa panopa. Prednisolone amabwera m'timapiritsi ta 5 mg, ndipo mulingo woyambira umatha kukhala theka la miligalamu mpaka miligalamu 1 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Kwa munthu wolemera makilogalamu 60, amenewo ndi mapiritsi 6 mpaka 12 nthawi imodzi. Anthu ambiri amaopa kuchulukako n'kumadula okha mulingo. Asatero. Amwe m'mawa atadya, ndipo adokotala ndiwo azichepetsa pang'onopang'ono. Munthu amene wamwa prednisolone kupitirira masabata 3 sayenera kusiya mwadzidzidzi, chifukwa thupi limakhala litaleka kupanga mphamvu yake yofanana naye, ndipo atha kufooka, kusanza, mpaka kukomoka. Nkhope kufufuma, njala yosatha, kusowa tulo ndi kupsa mtima msanga zimachitika ndipo zimachepa mulingo ukatsika. Ludzu lambiri ndi kukodza pafupipafupi zikutanthauza kuti shuga ayezedwe.

Azathioprine ndiye wa ulendo wautali. Mulingo wake umafika pafupifupi 2.5 mg pa kilogalamu, kutanthauza mapiritsi atatu a 50 mg patsiku kwa munthu wa makilogalamu 60, ngakhale ambiri amayamba ndi wochepa n'kumakweza. Sagwira ntchito msanga. Pamatenga miyezi iwiri kapena itatu, ndipo n'chifukwa chake prednisolone amayamba naye limodzi. Apa ndi pomwe odwala ambiri amatayira njira: mwezi ukatha osaona kusintha amati mankhwalawa ndi opanda ntchito, kapena mwendo ukaphwa amati ndachira. Onse awiri amabweranso ndi mtsempha wina utatsekeka. Azathioprine amamwedwa zaka, osati miyezi. Magazi aziyezedwa kuona asilikali ndi chiwindi, sabata iliyonse kapena masabata awiri alionse poyamba, kenako miyezi itatu iliyonse. Kutentha thupi, zilonda zapakhosi, maso achikasu kapena mikwingwirima yosadziwika chifukwa, zimenezo n'zofunika kuyeza magazi tsiku lomwelo, osati kungogula mankhwala a malungo pagolosale. Asaphatikize azathioprine ndi allopurinol, mankhwala a gout, matenda otupitsa ndi kuwawitsa mfundo, chifukwa awiriwa pamodzi amatha kugwetseratu asilikali a m'magazi. Bactrim nayenso amawonjezera vuto lomweli. Azathioprine sapezeka pa zipatala zing'onozing'ono za kumudzi, ndiye muzikatenga ena kukadali mapiritsi a masabata awiri, makamaka nyengo ya mvula misewu ya kwanuko ikaterera. Colchicine, ngati angawapatse, amathandiza zilonda ndi mfundo zowawa, koma sateteza mitsempha.

Behçet sasankha mtsempha, ndiye pali malo ena oti muziyang'anira. Mutu wowawa masiku angapo osaleka, woonjezereka akagona kapena m'mamawa, wobwera ndi kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena mwachimbuuzi, utha kutanthauza kuti magazi aundana m'mitsempha yotulutsa magazi mu ubongo. Malungo akayezedwa osapezeka, pemphani kuti aunike kuseri kwa diso ndipo atumizidwe. Mimba kutupa msanga, kuwawa kumanja pansi pa nthiti, maso achikasu ndi mitsempha yoonekera pamimba, zimenezo ndi mitsempha ya chiwindi, ndipo n'zofulumira nazo kwambiri. Nkhope, khosi ndi manja kutupa, makamaka akawerama polima, ndi mtsempha waukulu wa pachifuwa. Mtsempha wapamwamba pa khungu ukauma ngati chingwe, wofiira ndi wowawa, pawokha si woopsa, koma ukutiuza kuti matenda adzuka.

China chomwe ndikufuna muchimve bwino ndi chotupa chogunda. Mukaona chotupa mphechepeche, kuseri kwa bondo, pakhosi kapena pamimba, ikanipo zala pang'ono. Chikamagunda motsatira mtima, si chithupsa. Ndi mtsempha wofufuma, ndipo wina akachiboola ndi lumo kapena singano poganiza kuti mutuluka mafinya, munthu atha kutaya magazi onse pa mphindi zochepa. Aliyense asachiboole kapena kuchifinya chisanaunikidwe ndi sikani.

Ndiye tifike kwa apongozi anu. Mayi akaona mwana wawo akutupa mwendo uwu kenako uwo, mankhwala a kuchipatala akumwa, n'zomveka kuti aganize za kudimba. Musakangane nawo za ufiti, simupambana, ndipo mukuwafuna pa ulendowu. Auzeni chinthu chimodzi chooneka ndi maso: thupi la mwana wawo limakwiya ndi bala lililonse. Ngati kubaya kwa singano yoyera kumatha kutulutsa chiphuphu cha mafinya, nanga lumo ndi mankhwala akuda otikitira pa mwendo womwe magazi sakuyenda bwino, munthu ali pa mankhwala otsitsa chitetezo? Mphini iliyonse itha kusanduka chilonda chosapola. Mankhwala azitsamba akumwa nawonso ayambe aima, chifukwa azathioprine akulemetsa kale chiwindi. Ngati n'kotheka, apongoziwo kapena malume a bambo apite nawo tsiku lokaonana ndi adokotala akadzimvere okha. Mapemphero ndi kuzonda odwala, zimenezo zipitirire, sizilimbana ndi mankhwala.

Kukwiya ndi bala kumeneku kumakhudzanso za kuchipatala. Opaleshoni ya mtsempha yochitika matenda ali pamoto imakonda kuphwasuka posokapo, kapena kutulutsa kathumba kena pamalo pomwepo. Kubaya mtsempha wogunda potenga magazi kumapewedwa ngati pali njira ina. Ngakhale wozula mano auzidwe za matendawa ndi mankhwala onse. Koma mano asamalidwe ndithu, chifukwa m'kamwa mosasamalika zilonda zimabwera kawirikawiri.

Miyendoyo ifuna chisamaliro cha tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali. Musaitikite kapena kuithowa ndi madzi otentha. Ululu woyamba ukachepa aziyenda, chifukwa katumba akamagwira ntchito amakankhira magazi m'mwamba. Chimene chimapweteka ndi kuima malo amodzi kapena kukhala mawondo atapindika maola ambiri, monga podikira makasitomala pa siteji kapena mu minibasi ya ku Lilongwe. Popuma azikweza miyendo kuposa chiuno, ndipo usiku ikani njerwa kapena thabwa kunsi kwa miyendo ya bedi ya kumapazi. Masokosi olimba a kuchipatala ofika pabondo amathandiza. Akasowa, bandeji yotanuka yokulunga kuyambira kuzala kukwera mpaka pansi pa bondo, m'mawa asanadzuke, n'kumasula pogona. Musamange ngati phazi lili lozizira, lotuwa kapena ladzanzi, chifukwa pamenepo vuto ndi magazi osafika kuphazi ndipo n'zofunika chipatala msanga. Pezani tepi ya atelala, muziyeza katumba wa miyendo yonse iwiri pa masentimita 10 kunsi kwa kafupa kotukuka pansi pa bondo, kamodzi pa sabata m'mawa, n'kulemba. Mwendo ukakula ndi masentimita 3 kuposa mmene unalili, kapena kutupa kukakwera kufika pantchafu, pitani. Khungu la pakakolo likayamba kuda, kuyabwa kapena kulimba, lizipakidwa mafuta ndipo lisakandidwe, poti zilonda zimayambira pamenepo. Kumunda avale majombo. Za kabaza, aime kaye mpaka zotsatira za CT zidziwike, ndipo ngati abwerera pa warfarin akumbukire kuti kugwa panjinga komwe wina angadzuke n'kusasa fumbi, kwa iwo kutha kukhala magazi otuluka m'kati mwa mutu. Ngati amasuta, asiye. Ena zilonda za m'kamwa zimawachulukira akangosiya fodya, koma chimenecho si chifukwa choyambiranso.

Simunatchule maso, koma akaunikidwe ngakhale sakuwawa, chifukwa kutupa kwa kuseri kwa diso kumatha kudya diso mwakachetechete. Ku Nkhoma kuli chipatala cha maso, ndipo ku Kamuzu Central kulinso. Diso lofiira, loopa kuwala, kuona timadontho touluka kapena chifunga, n'zofunika kuonedwa pasanathe masiku awiri. Ubwino wake azathioprine yemweyu amatetezanso maso.

Kodi achira? Matendawa alibe mankhwala owachotseratu, koma amagonja. Amakhala aukali kwambiri zaka zoyambirira, makamaka mwa amuna achinyamata, ndipo mwa ambiri amafatsa munthu akamakula. Ntchito yathu ndi kuwaolotsa zaka zaukalizi mitsempha, mapapo ndi maso zili zosawonongeka, ndipo amene amamwa mankhwala mosadukiza ambiri amabwerera kumunda ndi kuntchito. Za m'banja palibe choletsa zilonda zikapola. Ana anu sangatengere pokhala nawo pafupi. M'mabanja ena matendawa amaonekera mwa anthu angapo, koma ana ambiri a odwala Behçet sadwala.

Pa ulendo wotsatira, pemphani adokotala alembe ndi zilembo zazikulu patsamba loyamba la buku la kuchipatala dzina la matenda, mankhwala onse ndi milingo yake, tsiku la CT ndi zimene yaonetsa, komanso ngati warfarin ndi heparin ali ololedwa kapena ayi. Tsamba limenelo mulijambule pafoni yanu ndi ya bambo. Usiku wina mutha kufika pa chipatala chaching'ono n'kupeza wachipatala amene sanaonepo matendawa, ndipo chimene adzachite ndi mwendo wotupa chidzadalira zolembedwa pamenepo.